Mbale ya Adada Pakhonde

Chama Boma
9 Okutobala 2023

Wokondedwa mng'ono wanga Towela,

Ndikhulupirira uli bwino ku Lusaka ndi ntchito yako yophika. Ife kuno tilipo, koma kwatentha moti nkhuku zikungoyenda kukamwa kuli yasa. Usadabwe kuti ndakulembera kalata foni ilipo. Nyumba ino ndi yaing'ono, ndipo amama akangomva dzina lawo pafoni amayamba kulira, amaganiza kuti tikupangana zowataya. Ndiye ndizilemba ndili kusukulu, ana anga a Giredi 4 akatuluka kukasewera, n'kumapatsira a Adam, kondakitala wa basi.

Nkhani ndi yakuti amama sakudya. Ukudziwa kuti mutu wawo unayamba kusokonekera chaka chatha, madzi atawatenga adada pamtsinje uja wa panjira ya ku Chikwa, ife n'kukwirira thunthu la nthochi m'malo mwa munthu. Ndinkaganiza kuti ndikawatenga kumudzi n'kudzakhala nawo kuno ku boma zinthu zisintha. Zangoipiraipira. Phala amalavula. Mpunga, umene alima moyo wawo wonse, amaukankhira kutali. Chitenje manje chikuwazungulira kawiri. Kuchipatala akuti matenda ena sakuwaona, ndingowapatsa chilichonse chimene angalandire.

Iwe umaphikira anthu odya zambiri. Kodi palibe chakudya chofewa, chozizira, chimene munthu wopanda mano am'mbali angameze osavutika? Undiyankhe msanga.

Ndine mkulu wako,
Vainess


Kabulonga, Lusaka
17 Okutobala 2023

Okondedwa asisi Vainess,

Kalata yanu ndailandira, ndipo ndalira ndili kukhitchini mpaka adona anandifunsa ngati kwagwa maliro. Mundipatsire moni kwa amama, muwauze kuti ine ndili bwino, ndanenepa.

Chakudya chilipo. Kuno kuli agogo ena, amayi a bwana, amene sadya kanthu koma keke ya tchizi. Musaope dzinalo, tchizi mupanga nokha. Gulani mkaka wosasa mabotolo awiri, muuthire pansalu yoyera, mumange, muupachike pamalo ozizira kuti madzi onse adonthe. Chotsala munsalumo chikhala cholimba ngati phala la dzulo. Ndiye tchizi wake ameneyo.

Manje sinjani mabisiketi mumtondo akhale ngati mchenga, musakanize ndi majarini wosungunula, mutsendere pansi pa thireyi ndi kunsi kwa kapu. Thireyi ndakutumizirani pamodzi ndi kalatayi. Mu tchizi muja muthiremo mazira atatu, shuga kapu imodzi yosadzaza, supuni ziwiri za fulawa ndi madzi a ndimu. Mutakase pang'onopang'ono, osati ngati mukumenyana ndi munthu. Thirani pamwamba pa mabisiketi, muike mu uvuni, moto wochepa. Muchotse pakati pakadali kugwedera. Ikazizira, phikani mango akupsa ndi shuga pang'ono, mupake pamwamba, muike mufiriji mpaka mawa lake. Ndiye mudule ngati mmene timadulira sopo wochapira.

Mango a kwathu aposa zipatso zodula zimene amagula adona, ndikuuzani zoona. Yesani chabe, mundiuze.

Wanu mng'ono,
Towela


Chama Boma
30 Okutobala 2023

Wokondedwa Towela,

Moni wako ndinapereka. Amama anafunsa ngati udakali ku sekondale, ndinangovomera.

Keke yoyamba inapsa kunsi, pamwamba n'kung'ambika ngati dambo la mu Okutobala. Tinadya ine ndi a Deborah, aneba anga aja amene amandiyang'anira amama ndikakhala kuntchito. Yachiwiri inatheka. Nditaidula, mpeni unatuluka woyera, zigawo zitatu zikuoneka bwinobwino, pansi pofiirira, pakati poyera, pamwamba pachikasu. Towela, amama anadya zidutswa zitatu! Ananyambita ndi zala zomwe. Ndinathawira kubafa kukalira.

Koma pali kanthu kena. Atamaliza anati, «Nanga awisi wako? Uwaikire m'mbale.» Amatanthauza adada, m'Chisenga chathu. Ndinati ndisawakhumudwitse pa tsiku labwino, ndinaika chidutswa chimodzi m'mbale. Anachitenga okha, anakachiika pakampando ka pakhonde, anakhala pamphasa pambali pake. Inali nthawi ya masana, dzuwa lili pamutu. Ine ndinalowa kukatsuka ziwiya. Potuluka, mbale inali yopanda kanthu.

Ndinati adya okha, ndipo ndinakondwa. Koma zachitikanso Loweruka ndi dzulo, ndipo a Deborah akuti amama sachikhudza chidutswa chimenecho, manja amakhala ali pamiyendo. Mwina ndi mphaka wa kuseri. Chachikulu n'chakuti akudya. Ndikuphika kawiri pa mlungu.

Ine,
Vainess


Kabulonga, Lusaka
8 Novembala 2023

Asisi,

Ndavina ndekha kukhitchini nditawerenga! Mwaona? Manje mwakhala ophika kuposa ine.

Za mbale ya adada musadandaule nazo. Agogo a kuno amalankhula ndi mlongo wawo amene anamwalira kalekale, amamusungira ndi nyuzipepala yomwe. Adokotala anatiuza kuti tisamawatsutse. Ngati mphaka akunenepa ndi keke, ndi mwayi wake. Inu pitirizani.

Koma ndifunseko, asisi, musakwiye. Kodi mwatopa nawo? Ngati nkhani ya mbaleyi ndi njira yondiuzira kuti ndiwatenge amama abwere kuno, nenani chabe poyera. Kachipinda kanga n'kakang'ono koma tingaone chochita. Tchuthi andilonjeza pa Khirisimasi.

Mango akatha muziikapo mapapaya, koma muwonjezere ndimu.

Towela


Chama Boma
21 Novembala 2023

Towela,

Tilipo. Sindinatope nawo amama, ndipo funso lako landipweteka. Werenga bwino zimene ndilembe apa, chifukwa sindinauzepo munthu.

Lachinayi ndinapempha kuti ndisapite kusukulu, ndinati ndione ndekha. Ndinakhala m'nyumba pafupi ndi zenera, katani nditaitsegula pang'ono. Itakwana 12 amama anasesa pakhonde, anaika mbale pakampando, anakhala pansi. Mphaka panalibe. Nkhuku zimene zimasautsa pakhonde tsiku lonse zinapita zonse kukaima kumpanda, zili duu. Ndiye amama anayang'ana kugeti n'kumwetulira, maso awo akutsatira chinthu kuchokera kugeti mpaka pakhonde, pang'onopang'ono, monga mmene umayang'anira munthu woyenda motopa.

Anayamba kucheza mu Chisenga. Amalankhula, n'kudikira, n'kuseka, n'kuyankha. Sikunali kubwebweta kuja amachita masiku ena. Anali amama athu akale, anzeru zawo zonse. Kenaka fungo linalowa pazenera, fungo la matope a mumtsinje, lija limatsala madzi akaphwera. Towela, kuno mvula inali isanagwe ngakhale dontho.

Maso anga sanachoke pambale paja. Ndinangophethira thukuta litandilowa m'diso, ndipo poyang'ananso, munalibe kanthu. Ndinatuluka kukaona. Kampando kanali konyowa, ndipo pansi pake simenti inali ndi madzi, malo awiri oyandikana.

Amama anandiyang'ana nati, «Awisi wako akuti anakuuza kuti usatuluke m'nyumba, akubwera. Akuti uwakhululukire, madzi ndiwo anawachedwetsa. Manje afika.»

Apa ndiyenera kukuuza chimene ndakubisira. Tonse tinkanena kuti sitikudziwa chimene adada anayambira ulendo tsiku lija mitsinje itadzaza. Ine ndikudziwa. Ndinawaitana ndine. Jack, mwamuna wanga uja, anali atandimenya mpaka diso kutsekeka, ndipo m'mawa mwake ndinawaimbira adada ndikulira, ndinati bwerani mudzanditenge. Anati, «Usatuluke m'nyumba, ndikubwera.» Mawu omwewo. Anakwera njinga osauza munthu. Njinga ija tinaipeza m'bango, iwo ayi. Jack ndinasiyana naye patapita miyezi iwiri, koma adada ndinali nditawapha kale.

Amama mawu amenewa anawamva kuti? Ndiuze ngati unawauzapo kanthu. Ndipo ngati undida, undide, koma undiyankhe.

Vainess


Chama Boma
6 Disembala 2023

Towela,

Milungu iwiri yatha. Tsiku lililonse la basi ndimapita kusiteshoni, a Adam sakuoneka, ena akuti basi yawo inafera panjira. Kapena kalata unailandira ndipo wasankha kukhala chete. Sindikudzudzula. Foni yanga inapsa ndi mphezi ili pamagetsi tsiku limene mvula inayamba, ndipo kubwereka ya a Deborah kuti ndimve mawu ako ukundida, mtima ukukana.

Ndinaleka kuphika. Chifukwa chake ndi ichi. Mlungu watha amama anayamba kupinda zovala zawo n'kuziika pansi pa pilo. Anati, «Uphikenso ija ya mango, koma ulendo uno undimangire zidutswa ziwiri munsalu. Njira ndi yaitali.» Ndinafunsa kuti njira ya kuti. Anangoseka ngati mtsikana. Ndinatenga thireyi yako n'kukaibisa kwa a Deborah.

Kuyambira tsiku limenelo sanadye. Lero ndi lachisanu ndi chitatu. Amamwa madzi ndi tiyi pang'ono basi. Ikakwana 12 amakwawa mpaka pakhonde, chifukwa kuyenda sakutha, ndipo ndimawamva akupepesa. «Mwanayu wauma mtima. Dikirani mawa.» Simenti imanyowabe. Ndimakolopa, mawa lake yanyowanso. Abusa anabwera kudzapemphera, anakhala pakampando kaja osadziwa, ndipo sanathe ndi mphindi zisanu, anati tikapempherere m'nyumba, kunja kukuzizira. Mu Disembala, ku Chama, masana.

Ndikaphika, ndikuopa kuti apita. Ndikapanda kuphika, akufa ndikuona. Iwe ndiwe unabweretsa keke imeneyi, ndiuze chochita.

Vainess


Chama
8 Disembala 2023

Towela mwana wanga,

Ndine mayi wako. Wolemba ndi Deborah, ine ndikungonena. Uli bwanji kusukulu? Uziwerenga, usamayende ndi anyamata.

Chakudya chimene unatumiza n'chabwino. Awisi wako achikonda. Akuti kumene anali kulibe chotsekemera, kuli mchenga wokhawokha m'kamwa. Aonda, mwana wanga. Malaya awo aja abuluu ang'ambika paphewa ndipo sakuuma. Ndikufuna ndiwasokere koma singano sikugwira.

Mkulu wako wabisa chiwaya. Umuuze atulutse. Munthu wayenda ulendo wautali chotere, sungamusiye pakhonde ndi njala. Sangalowe m'nyumba chifukwa sanamulowetse m'manda, ndiye amangoima. Akuti mvula ikakula mtsinje udzadza, tiyenera kuwoloka usanadzaze. Ine ndakonzeka, ndikungodikira kamba wa panjira.

Ukabwera usadzandifune. Mbuzi ya mawanga ndi yako.

Mayi wako,
Nyagoma

Towela, ndine Deborah. Ndalemba monga ananenera, sindinawonjezepo. A Vainess sakudziwa za kalatayi. Chonde bwera.


Kabulonga, Lusaka
14 Disembala 2023

Asisi anga okondedwa,

Makalata atatu andipeza lero tsiku limodzi, anu awiri ndi ya amama. A Adam akuti basi inathyoka chitsulo pamatope, kalata yanu yoyamba inatsalira momwemo, enawo anakawapeza atabwerera ku Chama. Ndayesa kuimba foni yanu, siikulowa, ndipo nambala ya a Deborah ndilibe. Ndikulemba nditaimirira kusiteshoni kuti ipite ndi basi ya mawa.

Asisi, ine kukudani? Ndinkadziwa kuyambira tsiku lomwelo. Adada anandiimbira ali m'mbali mwa mtsinje. Anati, «Mkulu wako ali pamavuto, ndikupita kukamutenga, usauze amako.» Ndinamva madzi akulira pafonipo. Ndinati adada dikirani aphwere. Anati mwana wanga akulira, ndidikira bwanji. Sindinakuuzeni chifukwa ndinkaona mmene munkadziimbira mlandu nokha pamaliro, ndinati ndikanena ndikuwonjezerani katundu. Simunawaphe. Anapita chifukwa anali adada athu, akanapitanso chifukwa cha ine. Ndipo ndikulumbira, amama sindinawauzepo liwu ndi limodzi lomwe.

Ndinakusekani za mphaka, mundikhululukire. Malaya abuluu aja ndinawagulira ndine, anawalandira kutatsala mlungu umodzi, ndipo pafoni paja anandiuza kuti awavala koyamba.

Musaphike. Ndikupemphani, musaphike. Apatseni mango okha, madzi a shuga, chilichonse, apiteni nawo kuchipatala akawaike diripi. Ndapempha adona, ndinyamuka pa 22, ndifika pa 23. Mukhome geti. Mundidikire.

Towela wanu


Chama Boma
19 Disembala 2023

Mng'ono wanga Towela,

Kalata yako yafika dzulo. Ndaiwerenga kanayi. Zikomo. Sindingathe kulemba zambiri pa zimenezo, tidzalankhula ukabwera. Uyambe wadziwa kuti amama ali moyo. Koma mawu ako anachedwa, ndinali nditaphika kale.

Pa 12 tinapita nawo kuchipatala pa njinga yamoto, ine nditawagwira kumbuyo. Diripi anaizula kawiri. Anamwino anandiitanira pambali nati, mayi, ngati pali chimene amadya, apatseni, apo ayi Khirisimasi saiona. Pa 13 ndinakatenga thireyi. Magetsi anali atazima, ndiye ndinaphikira pambaula, makala pansi, ena pachivundikiro. Mango anali omaliza a mumtengo wa a Deborah. Inatuluka yosalala kuposa zonse zimene ndaphikapo, yopanda ndi mng'alu womwe, ndipo ndinaiyang'ana ndi mantha.

Mawa lake, pa 14, ndinakhoma geti ndi loko, kiyi ndinaika m'thumba la diresi. Ndinakhala nawo pakhonde. Anadya zidutswa ziwiri ndi dzanja lawo. Kenaka mitambo inabwera, mphepo n'kuyamba kugwetsa zovala pachingwe kuseri. Ndinati munthu wosatha kuimirira apita kuti? Ndinathamanga kukaanula. Sindinathe mphindi zisanu.

Pobwerera, mphasa inali yokha. Geti linali lotsegula, loko ali lende. Kiyi anali m'thumba mwanga. Muthireyi munasowa zidutswa zina ziwiri.

Ndinakuwa mpaka anthu anadzaza. Amuna awo a Deborah, a Oscar, aja amagwira ntchito yolondera nyama, anatenga mfuti nati aliyense aime, musapondeponde. Anapeza mapazi a amama kuseri kwa mpanda, akulowera njira ya kuminda ya mpunga. Tinatsatira atatu, iwo, ine ndi a Deborah. Njirayo ndi yotakata, ngolo imadutsa, koma mapazi a amama anali m'mphepete kumanzere njira yonse, mpaka kumaponda minga, ngati munthu wopatsa mnzake malo. Pakati panalibe phazi lililonse, koma dothi linali lonyowa, kamzere kopita kutsogolo, pamene mvula inali isanagwe tsikulo. Pa ngalande ina yakuya, imene ine ndinachita kutsika ndi manja, mapazi awo anathera tsidya lino n'kuyambira tsidya linalo. A Oscar anaima pamenepo nthawi yaitali. Kenaka tinapitirira.

Tinayenda maola atatu. Tinadutsa ndowe za njovu zikufuka nthunzi. Ine ndinali nditayamba kale kulira maliro.

Tinawapeza dzuwa litapendeka, pa kamtsinje kamene kamathira mu Luangwa. Anakhala pamchenga, miyendo atatambasula, mapazi ali magazi okhaokha. Nsalu inali pamiyendo, yopindidwa bwino, yopanda kanthu. Madzi anali akubwera, ofiira, akukwera tikuona. Anatembenuka nati, «Mwadzatani kuno nonsenu? Ine ndangowaperekeza.»

Ndinagwada n'kuwagwira. Anati, «Amafuna tiwolokere limodzi. Ndinafika mpaka m'madzi. Koma ndawauza kuti munabwerera mwana, mwamuona, ali bwino, palibenso womumenya. Ntchito yanu yatha, pitani mukagone. Ine ndikapita, atsala ndi yani? Anakwiya pang'ono. Ndawapatsa zonse ziwiri.»

Kutsidya bango linali kugwedezeka, likupatuka n'kutsekeka, kupatuka n'kutsekeka, kumapita kutali. Mphepo inali itaima. A Oscar anakweza mfuti, anayang'anitsitsa, kenaka anaitsitsa n'kuvula chipewa. Anati, «Tiyeni. Osatembenuka.» Anawabereka amama kumsana mpaka kumsewu.

Kuyambira tsiku limenelo akudya chilichonse. Phala, mpunga, dzulo apempha nsomba. Pakhonde ndi pouma, nkhuku zabwerera. Zilonda za kumapazi zikupola. Ndikanayenera kukondwa, ndipo ndikukondwa.

Koma Towela, adada achoka onse. Lamlungu ndinawaonetsa chithunzi chija cha paukwati wa msuweni wathu, adada atavala jekete. Anachiyang'ana nati, «Bambo wooneka bwino. Ndi wa kwa yani?» Ine amandidziwa, iwe amakutchula, mbuzi zawo amaziwerenga maina. Zaka makumi anayi ndi zitatu zimene anakhala ndi adada athu, a Hosea, ndizo zapita, ngati anazimanga munsalu muja.

Lero m'mawa ndikuwapesa tsitsi anandigwira dzanja nati, «Vainess, kodi ine ndinakwatiwapo?» Ndinanamizira kuti madzi akuwira pamoto, ndinatuluka. Ndikuopa kutchula dzina la adada m'nyumba muno, angamve kumene ali n'kutembenuka. Ndikuopanso kukhala chete, amama n'kudzafa akuganiza kuti panalibe amene anawakonda.

Anditsatira ndi maso tsiku lonse, akudikira yankho. Ndawauza kuti Towela akubwera Loweruka, iye ndiye amakumbukira bwino zakale. Usaphonye basi. Tidzawayankhe tili awiri.

Ndine mkulu wako,
Vainess